Kaphikidwe ka Mabisiketi a Pabanja pa Nyengo ya Zikondwerero

Mabanja ambiri ali ndi mabisiketi awoawo amene amaphikidwa pa zikondwerero zokha, ndipo kawirikawiri kaphikidwe kake kamasungidwa m'mutu mwa munthu mmodzi wachikulire, kapena pakapepala kakale kongonena kuti pafunika makapu atatu a ufa ndi batala wokwanira. Amene analemba kapepalako ankaidziwa kapu yake, ankalidziwa dzanja lake, ankaudziwanso uvuni wake, pamene wokatsatira lero sadziwa chilichonse mwa zimenezi. N'chifukwa chake ntchito yoyamba, musanaganize zoyatsa uvuni, ndi kupeza sikelo ya kukhitchini. Kapu imodzi ya ufa wa tirigu imalemera magalamu pafupifupi 120 ufawo ukathiridwa mopepuka, koma imatha kufika 150 ukatsenderedwa, ndipo pa makapu atatu kusiyana kumeneku n'kokwanira kusandutsa bisiketi yofewa kukhala youma gwa. Ngati mwini kaphikidweko alipo, mupempheni kuti atape monga amatapira masiku onse, inu muziyeza chilichonse chimene watapacho n'kulemba.

Amene alibe malangizo otere angayambire pa mtanda wa batala, womwe ndi maziko a mabisiketi ambiri odulidwa m'maonekedwe osiyanasiyana. Pamafunika magalamu 225 a batala, magalamu 180 a shuga woyera, dzira limodzi lalikulu, magalamu 360 a ufa wa tirigu, supuni yaing'ono imodzi ya baking powder, theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi supuni yaing'ono imodzi ya vanila. Muyezo umenewu umatulutsa mabisiketi oposa 30 apakatikati kukula kwake.

Pa zonsezi, chofunika kuchisamala kwambiri ndi batala. Ayenera kukhala wofewa koma wosasungunuka, woti mukamudina ndi chala pazitsala dzenje koma chalacho osanona mafuta, ndipo zimenezi zimachitika akakhala pa madigiri 18 mpaka 20. Chifukwa chake n'chakuti mukamatakasa batala ndi shuga, timiyala ta shugato timaboola mafutawo n'kusiyamo timpata ta mpweya, ndipo timpata timeneti ndi timene timadzafufuma mu uvuni. Batala wozizira kwambiri salola kuboolekako, pamene wosungunuka sasunga mpweya, moti mabisiketi ake amayenderera pathireyi n'kukhala opyapyala ndi amafutamafuta. Majarini wolimba wophikira makeke angalowe m'malo mwa batala, ngakhale kuti kakomedwe kamatsikako ndithu, koma majarini wofewa wopaka pabuledi ndi wosayenera chifukwa amakhala ndi madzi ambiri. Takasani batala ndi shuga kwa mphindi zitatu kapena zinayi ngati muli ndi makina, kapena motalikirapo ngati mukugwiritsa ntchito mthiko, mpaka zitayera ndi kupepuka. Kenako thirani dzira ndi vanila. Dziralo lisakhale longotuluka kumene mufiriji, chifukwa kuzizira kwake kumaumitsanso batala n'kupanga timibulu.

Ufa, mchere ndi baking powder zisefereni pamodzi m'mbale ina, ndipo muzithire m'batalamo kawiri kapena katatu, osati zonse nthawi imodzi. Apa anthu ozolowera kuphika buledi amalakwitsa, chifukwa dzanja lawo linazolowera kukanda. Ufa wa tirigu ukanyowa n'kumakandidwa umapanga gluten, yemwe amachititsa mtanda kutamuka. Zimenezo n'zabwino kwa buledi, koma bisiketi imalimba nazo. Mukangoona kuti ufa wouma sukuonekanso, lekerani pomwepo. Ndi bwinonso kuyesa baking powder amene wakhala m'kabati chaka chonse mwa kuthira pang'ono m'madzi otentha, ndipo ngati sakuchita thovu mugule wina. Musamusokoneze ndi soda, pakuti soda amafuna chinthu chowawasa monga uchi kapena shuga wofiirira kuti agwire ntchito, ndipo akachuluka amasiya kakomedwe ka sopo mkamwa.

Kusiyana kwa mabisiketi a banja lina ndi a banja lina kumayambira pano. Ena amathira supuni yaing'ono ya sinamoni ndi ina ya jinja waufa, ena amapalirapo khungu la ndimu kapena la lalanje, enanso amachotsa magalamu 30 a ufa n'kuikamo koko wolemera chimodzimodzi. Shuga wofiirira amakoka chinyezi, choncho amene amakonda bisiketi yofewa pakati angachotse theka la shuga woyera n'kuikapo wofiirira. Malangizo anga ndi akuti musinthe chinthu chimodzi chokha pa kuphika kulikonse, kuti mudziwe chimene chabweretsa kusinthako.

Gawani mtandawo pawiri, muuphwathalalitse, muukulunge ndi pulasitiki, ndipo muusiye mufiriji kwa ola limodzi kapena usiku wonse. Ambiri amalumpha gawo limeneli chifukwa cha phuma la zikondwerero, komatu ndi limene limasunga maonekedwe a bisiketi. Batala akaumanso amachedwa kusungunuka mu uvuni, ndipo m'mbali mwa bisiketi mumakhala mutalimba kale mafutawo asanayambe kuyenderera, moti nyenyezi imatuluka ili nyenyezi ndithu. Ufa nawonso umapeza mpata woyamwa chinyezi, ndipo mtanda sumamatiranso m'manja.

Yatsani uvuni padakali mphindi 15 kuti ufike pa madigiri 180, kapena 160 ngati uli ndi fani. Wazani ufa wochepa patebulo, psinjani mtandawo mpaka kukhuthala kwake kufike mamilimita 5 kapena 6, ndipo muonetsetse kuti kukhuthalako n'kofanana ponseponse, chifukwa bisiketi yopyapyala imapserera inzake yokhuthala isanapse. Dulani moyandikanitsa kuti zotsala zichepe. Zotsalazo zikhoza kuumbidwanso kamodzi kapena kawiri, koma kupitirira apo zimakhala zatenga ufa wambiri ndipo zimalimba. Mtanda ukayamba kufewa muubwezere mufiriji kwa mphindi khumi. Ana angathandize bwino pa kudulaku, koma asalawe mtanda wosaphika, chifukwa dzira laliwisi ngakhalenso ufa wosaphika zimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba.

Yalani pepala lophikira pathireyi, ndipo musiye mpata wa zala ziwiri pakati pa mabisiketi. Thireyi ikhale pakatikati pa uvuni, ndipo mabisiketi aphikidwe kwa mphindi 10 mpaka 12. Uvuni uliwonse uli ndi mbali yake yotentha kwambiri, choncho tembenuzani thireyi nthawi ikafika theka, ndipo ngati uvuniwo simunauzolowere, yambani mwaphika mabisiketi awiri okha oyesera. Thireyi yakuda imapsereza pansi msanga kuposa yoyera. Chizindikiro cha kupsa ndi m'mbali mwa bisiketi: mukayamba kufiirira pang'ono, tulutsani, ngakhale pakati pakuoneka ngati pofewa, chifukwa kutentha kwa thireyi kumamaliza ntchitoyo. Amene amadikira kuti pamwamba ponse pafiire amakhala atachedwa kale. Asiyeni pathireyipo kwa mphindi zisanu musanawasamutsire pa waya woziziritsira, ndipo musaike mtanda wina pathireyi yotentha.

Zokongoletsa zimadikira mpaka mabisiketi atazizira kotheratu. Sakanizani magalamu 200 a shuga waufa ndi masupuni aakulu awiri a madzi a ndimu, n'kumawonjezera madontho ochepa mpaka chosakanizacho chiziyenda pang'onopang'ono pasupuni. Mukapaka, dikirani maola angapo kuti paume musanasanjikize mabisiketiwo.

Popeza masiku a zikondwerero amakhala otanganidwa, ntchitoyi ikhoza kugawidwa. Mtanda wokulungidwa bwino umakhala masiku atatu mufiriji, kapena miyezi itatu m'chipinda chake choumitsa madzi, ndipo umangofunika kuutsitsira m'munsi usiku woti mawa muphika. Mabisiketi opsa amasungika kwa mlungu umodzi kapena iwiri m'chitini chotsekeka bwino, atalekanitsidwa ndi pepala. Okhukhuluza ndi ofewa asakhale m'chitini chimodzi, chifukwa chinyezi cha ofewawo chimasamukira kwa anzawo, ndipo a jinja kapena a sinamoni akhale paokha kuti fungo lawo lisalowerere ena onse. Ngati okhukhuluza afewa tsiku la alendo lisanafike, abwezereni mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi zisanu, ndipo muwasiye azizire musanawatsekerenso. Njira imeneyi ndi ya mabisiketi osapakidwa shuga pamwamba okha.