Kupima kaboni ndi madzi amene nkhalango imasinthana ndi mpweya: kuchokera pansanja kufika pa chiwerengero cha chaka

Mphepo ikamadutsa pamwamba pa mitengo siyenda mowongoka. Imagudubuzika, ina kukwera ina kutsika. Ngati mpweya wotsika uli ndi CO2 (mpweya wa kaboni) wambiri kuposa wokwera, ndiye kuti masamba akumwa kaboni. Ngati wokwera wanyamula nthunzi yambiri kuposa wotsika, nkhalango ikutaya madzi. Njira ya eddy covariance yagona pamenepa: mumapima liwiro la mphepo yokwera ndi yotsika pamodzi ndi kuchuluka kwa CO2 ndi nthunzi, ka 10 kapena ka 20 pa sekondi iliyonse, kenako mumawerengera mmene ziwirizi zikusinthira limodzi pa mphindi 30 zilizonse. Zipangizo zopimira zimaikidwa pansanja yopitirira mitengo, ndipo nsanja zotere zilipo mazanamazana padziko lapansi pansi pa mgwirizano wa FLUXNET, koma mu Africa n'zowerengeka. Imodzi inaimikidwa m'nkhalango ya miombo ya Kataba pafupi ndi Mongu ku Zambia, ndipo inapereka deta yambiri kuyambira 2007 mpaka 2009 pa ntchito ya CarboAfrica. Ina ili ku Skukuza m'nkhalango ya Kruger ku South Africa kuyambira 2000.

Malo ndi kutalika kwa nsanja

Malo akalakwika, palibe pulogalamu ya pakompyuta imene idzakonze. Funani pathyathyathya pamene mitengo ndi yofanana mbali zonse, makamaka kumene mphepo imachokera nthawi zambiri. Pamtsetse mpweya wozizira wa usiku umatsetsereka pansi pa mitengo n'kupita ndi CO2 kuchigwa osadutsa pa zipangizo zanu.

Zipangizo zikhale pamwamba kamodzi ndi theka kapena kawiri kutalika kwa mitengo: mitengo ya mamita 12 ikufuna zipangizo pa mamita 18 mpaka 24. Mukatsitsa kwambiri mudzapima mtengo umodzi woyandikana nawo m'malo mwa nkhalango. Pa mita iliyonse imene zipangizo zakwera pamwamba pa mitengo, werengerani mamita pafupifupi 100 a nkhalango yosadukiza kumbali ya mphepo, ndipo dziwani kuti usiku dera limene nsanja imamva limatalikirapo. Munda wa chimanga, dambo kapena uvuni wa makala ukalowa m'dera limeneli, ulowanso mu deta.

Zipangizo ndi kasamalidwe kake

Zofunika kwambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi sonic anemometer, monga CSAT3 ya Campbell Scientific, yopima mphepo mbali zitatu. Chachiwiri ndi chopimira CO2 ndi nthunzi, monga LI-7500 ya kampani ya LI-COR imene ndi yotsegula (mpweya umangodutsa wokha pakati pa magalasi ake), kapena LI-7200 imene imakoka mpweya ndi pampu. Yotsegula imadya magetsi ochepa, choncho imayenerana ndi malo odalira sola, koma imasokonezeka mvula ikamagwa. Yapampu imapirira mvula koma imafuna mabatire ambiri ndi kusintha sefa pafupipafupi. Ziwirizi zitalikirane masentimita 10 mpaka 20 okha, pa mkono wotuluka kunsanja woloza kumene mphepo imachokera. Deta ya nthawi imene mphepo yadzera kuseri, n'kudutsa m'zitsulo za nsanja, mudzaitaya.

Onjezani chopimira kuwala kolowa ndi kobwerera, mbale zopimira kutentha kolowa m'nthaka, chopimira mvula, ndi zopimira chinyezi ndi kutentha kwa nthaka pa masentimita 5, 10, 30, 50 ndi 100. Zopimira chinyezi cha nthaka ambiri amaziona ngati zongowonjezera, koma m'nkhalango yokhala ndi chilimwe chachitali ndi zimene zidzakufotokozereni pafupifupi chilichonse.

Pukutani magalasi a chopimira sabata iliyonse, ndipo m'miyezi ya fumbi ndi utsi kawiri pa sabata. Chotsani ulusi wa akangaude pa sonic ndi zisa za mavu m'mabokosi. Mawaya a pansi alowe m'mapaipi chifukwa cha makoswe ndi chiswe, ndipo nsanja ikhale ndi chitsulo chotsitsira mphenzi chokwiriridwa bwino dzinja lisanafike. Lambulani udzu mozungulira nsanja moto usanayambe. Pakapita miyezi ingapo yesani chopimiracho ndi mpweya wopanda CO2 ndi nthunzi, kenako ndi botolo la CO2 wodziwika kuchuluka kwake, woyandikira ma ppm 420 (magawo 420 pa miliyoni) a mumpweya wa masiku ano. Chilichonse chimene mwagwira chilembedwe m'buku ndi tsiku ndi ola lake.

Kuwerengera

Sungani deta yosakonzedwa yonse, makope awiri m'malo osiyana. Pa ka 10 pa sekondi, mphindi 30 zimatulutsa mizere 18,000, ndipo mukangosunga zotsatira zokha simudzathanso kubwereza mawerengero mukapeza cholakwika. Mapulogalamu monga EddyPro amachotsa manambala odumpha, amawongola kupendekeka kwa sonic, amalunzanitsa nthawi ya mphepo ndi ya mpweya, ndipo amabwezera gawo lotayika chifukwa zipangizo sizimva timphepo tating'ono kwambiri.

Pali chikonzero chimodzi choyenera kuchimvetsa bwino: WPL, chochokera ku mayina a Webb, Pearman ndi Leuning amene anachifotokoza mu 1980. Mpweya wotentha umafutukuka, choncho wokwera kuchoka panthaka yotentha umaoneka ngati uli ndi CO2 wochepa ngakhale palibe tsamba lamwa kanthu. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ndipo mitengo yambiri itayoyola masamba, chikonzerochi chimatha kukula kuposa kusinthana kwenikweniko. Apa ndi pamene fumbi limapweteka: galasi lakuda limasokoneza mulingo wa CO2, cholakwikacho chimalowa mu WPL, ndipo nkhalango youma imatha kuoneka ngati ikumwa kaboni. Mukaona deta yotere m'chilimwe, yambani mwafufuza galasi musanalembe kuti mwatulukira chachilendo.

Pa zizindikiro, NEE, kusiyana kwa CO2 wotuluka m'nkhalango ndi wolowa, ikakhala pansi pa ziro ndiye kuti nkhalango ikumwa kaboni, ikakhala pamwamba ikutulutsa. Mulingo wake ndi µmol (maikromolo, muyeso wa kuchuluka kwa CO2) pa sikweya mita pa sekondi, ndipo µmol imodzi kwa mphindi 30 ndi magalamu 0.0216 a kaboni pa sikweya mita.

Usiku

Chiwerengero cha chaka chimawonongekera usiku. Mphepo ikadekha, CO2 wotuluka m'nthaka amadikha pansi pa mitengo ngati nkhungu ya m'dambo, osafika pa zipangizo. Nsanja imalemba kuti nkhalango ikutulutsa pang'ono pomwe ikutulutsa monga mwa nthawi zonse. Masana sizichitika, choncho cholakwikacho chimapendekera mbali imodzi: nkhalango imaoneka yosunga kaboni wambiri kuposa zoona. Taonani kukula kwake. Mukaphonya µmol imodzi yokha kwa maola 12 usiku uliwonse, pachaka mwaphonya magalamu pafupifupi 190 pa sikweya mita, omwe ndi matani 1.9 a kaboni pa hekitala. Nambala imeneyi ikhoza kusandutsa nkhalango yotaya kaboni kukhala yosunga papepala.

Chochita chili pawiri. Pimani CO2 pa misinkhu ingapo ya nsanja, kuyambira pafupi ndi nthaka kufika pamwamba, kuti muwerengere wodikha pansi uja. Kenako tayani deta ya usiku wopanda mphepo pogwiritsa ntchito u*, mulingo wa kuvundulika kwa mpweya. Jambulani NEE ya usiku moyang'anizana ndi u*: imakwera kenako n'kufika pokhazikika, ndipo poyambira kukhazikikapo ndiye malire anu. M'malo ambiri amagwera pakati pa mamita 0.1 ndi 0.4 pa sekondi. Musakopere malire a nsanja ina, ndiponso m'nkhalango yoyoyola masamba apezeni nyengo ndi nyengo, popeza mitengo yamasamba ndi yopanda masamba sizigwira mphepo mofanana.

Mipata ndi mvula yoyamba

Mukachotsa zoipa zonse, kawirikawiri gawo lalikulu la chaka limatsala lopanda deta, makamaka usiku. Njira yotchuka yodzazira mipata, ya Markus Reichstein ndi anzake ya mu 2005, ili mu pulogalamu ya REddyProc. Imafuna nthawi ina ya m'masiku 7 oyandikana imene kuwala, kutentha ndi kuuma kwa mpweya zinali zofanana, n'kubwereka nambala yake. Chinyezi cha nthaka sichili m'gulumo.

Kumadera a miombo apa pali msampha. Mvula ikagwa panthaka imene yauma miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, tizilombo ta m'nthaka timadzuka m'maola ochepa ndipo CO2 amatuluka mwamphamvu kwa masiku angapo. H. F. Birch anafotokoza zimenezi mu 1958 pa nthaka za kum'mawa kwa Africa. Tsoka lake, nthawi yomweyi ndi imene chopimira chotsegula chanyowa, mitambo yaphimba sola ndipo mphenzi zayamba. Mpata wa tsiku lotsatira chizimalupsa ukadzazidwa ndi deta ya sabata youma yapitayo, kaboni yense uja wasowa m'mawerengero. Choncho mabatire atsopano ndi ulendo woyendera nsanja muzisungire Okutobala ndi Novembala, ndipo dulani deta pa tsiku la mvula yoyamba kuti mbali youma isadzaze mbali yonyowa. Nyengo yomweyi mitengo ya mombo ndi tsamba imaphuka masamba atsopano mvula isanagwe, ndiye kamera yojambula denga la nkhalango tsiku ndi tsiku imathandiza kusiyanitsa za masamba ndi za nthaka.

Pogawa NEE kukhala GPP, kaboni womwedwa ndi masamba, ndi Reco, wotulutsidwa ndi zamoyo zonse, njira wamba imadalira kutentha kwa usiku. Kumalo ouma kutuluka kwa CO2 kumatsata madzi kuposa kutentha. Yesaninso njira ya masana ya Gitta Lasslop ndi anzake ya mu 2010, ndipo muonetse zotsatira zonse ziwiri.

Madzi

Nthunzi imalembedwa ngati LE, mphamvu imene yapita posandutsa madzi kukhala nthunzi, m'ma watt pa sikweya mita. Kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya pafupifupi ma MJ 2.45 (megajoule, muyeso wa mphamvu), choncho ma watt 100 tsiku lathunthu ndi mamilimita 3.5 a madzi. Phatikizani LE ndi kutentha kokwera mumpweya, muyerekeze ndi mphamvu ya dzuwa yotsala mutachotsa yolowa m'nthaka. Nsanja zambiri zimafika pa 80 peresenti. Mukatsika kwambiri pamenepo, fufuzani zipangizo ndi malo. Yerekezaninso madzi a chaka ndi mvula yogwa: akaiposa, mwina mizu ikufika pa madzi a pansi, mwina pali cholakwika.

Potulutsa zotsatira

Yambitsani chaka chanu kumapeto kwa chilimwe, osati pa 1 Januwale, poti kalendala imadula dzinja pakati. Nambala ya chaka iperekedwe ndi malire a kukayikitsa kwake, opezedwa pobwereza mawerengero ndi malire a u* osiyanasiyana, komanso nenani gawo la deta lopimidwa ndi lodzazidwa. Musalembe kuti nkhalango yasunga kaboni wakutiwakuti potengera NEE yokha. Moto wolusa umatulutsa kaboni m'mphindi zochepa zimene nsanja siigwira bwino, ndipo nkhuni ndi makala zimakapsera kutali ndi nsanja. Zimenezi zipimidwe padera: yezani mitengo m'mapuloti okhazikika chaka ndi chaka, werengani zitsa zatsopano, ndipo kwezani pasikelo udzu ndi zinyalala moto usanadutse ndi utadutsa. Deta yokonzedwa itumizeni ku nkhokwe za FLUXNET pamodzi ndi kutalika kwa zipangizo, mitundu yake, mbiri ya moto pamalopo ndi buku lija la masiku amene munapukuta galasi.