Mmene mungayesere mankhwala pa puloteni ndi kompyuta

Achemwali a ku Luwinga mwafunsa kuti muyambire pati poyesa ngati mankhwala angakwanire pamalo pomwe amagwira puloteni. Laputopu wamba ndi yokwanira.

Yambani ndi Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti yosunga maonekedwe a mapuloteni. Tsitsani 1HSG, puloteni ya HIV yotchedwa protease, yomwe ili kale ndi indinavir, mankhwala olimbana ndi HIV, mkati mwake. Itseguleni mu PyMOL, pulogalamu yoonera mamolekyulu, chotsani mamolekyulu a madzi, patulani indinavir, kenako onjezani ma hydrogen. Pamene panali indinavir ndiye pa khomo penipeni, pomwe mankhwala amagwira puloteni. Ikani bokosi lofufuzira pomwepo, lomwe ndi malire a malo omwe kompyuta iziyeseramo mankhwala, lisakule kwambiri.

Apa ndiye musathamange. Musanayese mankhwala atsopano, bwezerani indinavir yemweyo ndi AutoDock Vina, pulogalamu yoyesera mmene mankhwala angakhalire pa puloteni. Akakhala mmene analili, RMSD (muyeso wa mmene wasunthira kuchoka pamene anali) osapitirira 2 Å (angstrom, muyeso wa timitunda ta pakati pa maatomu), ndiye kuti mwakonza bwino. Akakhala chopendekeka, bwererani ku bokosi ndi ma hydrogen. Ambiri amadumpha apa, n'kumakhulupirira manambala opanda maziko, ndipo zimandiwawa.

Zikatheka, tengani mamolekyulu ku PubChem, nkhokwe ya pa intaneti ya mamolekyulu, asandutseni PDBQT, mtundu wa fayilo womwe Vina amawerenga, yendetsani Vina. Nambala ya kcal/mol yomwe Vina amapereka, yoyerekeza mphamvu ya kugwirana, ikakhala yotsika kwambiri pansi pa ziro ikusonyeza kugwirana kolimba, koma yang'ananinso ndi maso ngati molekyuluyo ikufika pa Asp25 ziwiri, ma amino acid a puloteniyi omwe ali pa khomo paja. Mamolekyulu abwino ochepawo apite ku labotale akayesedwe.