Dzanja Likamachita Dzanzi Usiku: Kuzindikira ndi Kuchiza Carpal Tunnel Syndrome

Ngati mumadzidzimuka pakati pa usiku dzanja litachita dzanzi, ndipo mumapezako bwino mukalikutumula, yambani mwaonetsetsa zala zimene zakhudzidwa. Pa matenda a carpal tunnel syndrome, dzanzi limagwira chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Chala chaching'ono sichikhudzidwa chifukwa chimadalira mtsempha wina.

Polumikizira dzanja ndi mkono pali kanjira kopapatiza kozunguliridwa ndi timafupa, ndipo cha mbali ya chikhatho katsekedwa ndi mnyewa wolimba. M'kanjira kameneka mumadutsa minyewa 9 yopinda zala pamodzi ndi mtsempha wotchedwa median, umene umachititsa kuti zala zija zizimva kukhudza. Malowa akatupa, mtsempha umapanikizika. Vutoli limagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ndipo limakonda kubwera ndi pakati, matenda a shuga, nyamakazi, kufooka kwa chithokomiro, kunenepa kwambiri, kuthyoka kwa fupa pamalopo, kapena ntchito yobwerezabwereza ya manja, makamaka ya zida zonjenjemera.

Kuti mudziyese, gunditsani kumbuyo kwa manja anu onse awiri, zala zitaloza pansi, kwa masekondi 60. Dzanzi likabwera m'zala zija, kaonaneni ndi dokotala, amene angathe kuyeza mmene mtsemphawo ukugwirira ntchito komanso kufufuza shuga ndi chithokomiro.

Thandizo loyamba ndi kuvala usiku chomangira cholimba chimene chimasunga dzanja lili chiwongokere. Ambiri amachinyozera, komatu munthu akagona amapinda dzanja osadziwa, ndipo ndi chifukwa chake ululu umakula usiku. Chivaleni usiku uliwonse kwa milungu ingapo musananene kuti chalephera, ndipo musachimange mothina. Masana muzipumitsa manja pafupipafupi, ndipo pogwira chida kapena polemba pa kompyuta, dzanja lisapindike. Mankhwala opha ululu amangoziziritsa, sachotsa kupanikizika kwa mtsempha. Kwa amayi oyembekezera, vutoli nthawi zambiri limatha akachira.

Zimenezi zikapanda kuthandiza, dokotala angabaye jakisoni wa steroid pamalopo kuti achepetse kutupa, ngakhale kuti dzanzi limatha kubwereranso pakapita miyezi.

Chimene sindingafune kuti muzengereze nacho ndi ichi: dzanzi likasiya kuchoka, mabatani a malaya akayamba kukuvutani kumanga, kapu ikamapulumuka m'manja, kapena mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, mtsempha wayamba kuwonongeka, ndipo ukawonongeka kwambiri suchira wonse. Apa m'pofunika opaleshoni. Dokotala amadula mnyewa wotseka kanjira kaja kuti mtsempha upeze malo, kawirikawiri atangochititsa dzanzi dzanja lokha, ndipo wodwala amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ululu wa usiku umatha msanga, koma mphamvu zogwirira zinthu zimabwerera pang'onopang'ono, mwina pakapita miyezi ingapo.