Mwagula boti? Musanalilowetse pamadzi konzekerani izi

Boti latsopano limasangalatsa ndithu, mtima umangoti tiyeni pamadzi lero lomwe, koma dikirani kaye abale.

Tiyambe ndi laifi jaketi, jaketi yoyandamitsa munthu m'madzi ija, chifukwa apa mpomwe ambiri timaphonya. Aliyense wokwera akhale ndi yake yomukwana, ndipo aivale asanakwere, osati kuiponya pansi pa mpando kuti tidzavala zikavuta ayi. Zikamavuta mpata sukhalapo, boti limatembenuka mwadzidzidzi, jaketi ija ili uko inu muli uku. Za ine ndimatha kusambira zisiyeni, mukamenyetsa mutu pogwa kapena madzi akakhala ozizira kwambiri manja amafooka msanga. Kwa mwana chitani chonchi: mumangeni malamba onse kenako gwirani jaketiyo m'mapewa muikokere m'mwamba, ikakwera mpaka kumakutu ndiye kuti ndi yaikulu, m'madzi imuvuka. Musamugulire yoti adzakuliramo chonde.

Chachiwiri ndi kill cord, kachingwe kofiira kopotanapotana kaja kamabwera ndi injini. Anthu amangokasiya lendelende pomwe ntchito yake ndi yaikulu. Kamangeni pamwendo kapena pajaketi, mukagwera m'madzi kamazuka injini nkuzima pompo. Popanda iko boti limangothamanga lokha, nthawi zina limazungulira nkubwerera pomwe mwagwera paja propela ikuzungulirabe. Kayeseni musananyamuke, lizani injini, kokani, muone ngati yazimadi.

Mafuta muziwagawa patatu, gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losungira poti mphepo ikakutembenukirani injini imamwa kwambiri. Ndipo onani pulagi yotulutsira madzi kumbuyo kuja ngati mwaitseka, ambiri amaiwala nkumadabwa mapazi akunyowa.

Nangula asasowe, injini ikafa ndi amene amakugwirani kuti mphepo isakutengeni. Chingwe chake chitalike ka 5 mpaka ka 7 kuposa kuya kwa madzi, ndiye pa mamita 4 mufunika mamita 20 mpaka 28. Mangani kutsogolo kwa boti, mukamanga kumbuyo mafunde amalowera komweko boti nkudzadza.

Zina zoti zikhalemo: nkhafi, ndowa yokapira madzi, chozimitsira moto choikidwa poti dzanja lifike msanga, bokosi la first aid, tochi, wezulo, madzi akumwa. Foni muiike m'kathumba kosalowa madzi koma musaidalire yokha, netiweki imathawa mukatalikira kumtunda. Wailesi ya VHF, yolankhulirana ndi maboti ena komanso akumtunda, ndiyo yabwino, tchanelo 16 ndi yoitanira thandizo padziko lonse, moyo ukakhala pachiswe mumati Mayday katatu kenako dzina la boti, pomwe muli, vuto lanu ndi chiwerengero cha anthu. Ngati mudzayende usiku magetsi aziyaka, lofiira kumanzere, lobiriwira kumanja, loyera kumbuyo.

Musananyamuke mverani zanyengo, kukakhala kokayikitsa khalani, ulendo ulipo mawa. Uzani munthu wotsala kumtunda komwe mukupita, muli angati komanso nthawi yobwerera, kuti mukachedwa adziwe koyambira kufunafuna. Musapyole chiwerengero cha anthu ndi kulemera komwe opanga botilo analemba, ndipo woyendetsa asalawe mowa olo pang'ono.

Boti likatembenuka koma likuyandamabe musalisiye nkumasambira kulowera kumtunda, gombe limaoneka pafupi pomwe lili kutali. Kakamirani pomwepo, ngati nkotheka kwerani pamwamba pake, werenganani ngati muli onse. Ofunafuna amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.