Kwa amene mukupita ku KubeCon koyamba

Anzanga a zamakompyuta kuno ku Salima, mukapeza mwayi wopita ku KubeCon + CloudNativeCon, msonkhano wa zamapulogalamu a pakompyuta wokonzedwa ndi bungwe la CNCF (Cloud Native Computing Foundation), yambani ndi viza. Msonkhanowu ukakhala ku Ulaya, viza ya Schengen yolowera m'maiko ambiri a kumeneko imachedwa, choncho kalata yokuitanani muipemphe mukangolembetsa. M'thumba mukapepuka, yesani thandizo la ndalama zopitira kumsonkhanowu lotchedwa Dan Kohn Scholarship, koma amatseka msanga.

Mukafika musamathamangire nkhani iliyonse, zambiri amadzaziika pa YouTube. Nthawi yanu ithere m'makonde ndi ku Project Pavilion, komwe osamalira mapulojekiti ngati Prometheus (pulogalamu yoyang'anira momwe maseva akuyendera) amakhala pamatebulo kudikira mafunso. Afunseni vuto lenileni, monga kuyendetsa Kubernetes (pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ambiri pa maseva) kumalo komwe magetsi amathimathima.

Juzi musaiwale, ife akunyanja kuzizira kwa ku Ulaya mu Malichi kumatisautsa. Nsapato zikhale zofewa, maholo ake ndi aakulu zedi.