Mmene mungawerengere zifanifani ndi mafanizo m'buku la nkhondo la Remarque

Mukatenga buku la Erich Maria Remarque lotchedwa All Quiet on the Western Front, lonena za asilikali achijeremani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, lomwe linatuluka m'Chijeremani mu 1929, pensulo isakhale patali. Zifanifani sizivuta kuzipeza, chifukwa zimabwera ndi kamawu kofanizira kaja ife timati “ngati” kapena “monga”. Ovuta ndi mafanizo ongotchula chinthu dzina la chinzake popanda kamawu kameneka. Zonsezi zilembeni mzere kunsi, koma musathere pomwepo. Kungoziwunjika papepala sikuphunzitsa munthu kanthu.

Funso langa loyamba limakhala lakuti: wayankhula ndani? Kumapeto kwa mutu woyamba, mphunzitsi Kantorek, yemwe anakopa ophunzira ake kuti alembetse usilikali, walemba kalata yowatcha achinyamata achitsulo. Onani nthawi yomwe mawuwa akufika. Anyamatawo angochokera kumene kuchipatala kukaona mnzawo Kemmerich, yemwe wadulidwa mwendo ndipo akufa. Chitsulo sichitaya magazi. Fanizoli ndi bodza la munthu amene ali kutali ndi mabomba, ndipo Remarque analiika dala pafupi ndi bedi la wodwalayo. Mukaliwerenga palokha, mudzaganiza kuti ndi chiyamikiro.

Kenaka tsatani mafanizo a Paul Bäumer mwini wake, amene akusimba nkhaniyi, n'kumalemba m'mbali mwa tsamba kuti munthu wasanduka chiyani. M'mutu wachinayi, malo omenyera nkhondo ndi madzi ozungulira omwe amakoka munthu pang'onopang'ono ngakhale ali chapatali, ndipo asilikali akangofika kumeneko amasanduka nyama. M'mutu wachisanu ndi chimodzi malo omwewo ndi khola, momwe munthu amangodikira chomwe chimugwere. Pofika chakumapeto, Paul akuti iye ndi anzake ali ngati makobidi a m'madera osiyanasiyana omwe asungunulidwa n'kudindidwa chidindo chimodzi. Mukaziika pamodzi mudzaona kuti zonse zikulowera kumodzi: munthu akunka natsika, kuchoka pa mwana wasukulu, kukhala nyama, mpaka kukhala chinthu.

Ndime yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya dothi, m'mutu wachinayi momwemo. Apa zinthu zatembenuka. Msilikali akadziponya pansi mabomba akuphulika, nkhope ataikwirira m'nthaka, dothilo ndiye bwenzi lake, mbale wake, mayi wake. Chinthu chopanda moyo chalandira umunthu womwe anthu alandidwa. Ganizirani kuti Paul ali ndi zaka 19 zokha, ndipo mayi ake enieni akudwala kwawo. Remarque nayenso analowa usilikali ali ndi zaka 18, n'kuvulala mu 1917. Ndimeyi iwerengeni mokweza, mwachifatse.

Samalani ndi nsapato za Kemmerich. Ambiri amaziika m'gulu la mafanizo, chonsecho ndi nsapato zenizeni zachikopa, zomwe mnzawo wina, Müller, akuzisirira mwini wake asanamwalire, ndipo Müller atafa zikupita kwa Paul. Chimenechi ndi chizindikiro, ndipo chimafuna ndime yakeyake.

Polemba zomwe mwapeza, sankhani mafanizo awiri otsutsana, monga la chitsulo ndi la dothi. Pa lililonse nenani amene waliyankhula, komwe ali, ndi zomwe zangochitika m'nkhaniyo, kenaka mufotokoze tanthauzo lake.