Kuchotsa oyilo m'madzi otsukira injini ndi thonje losatsuka

Yambani ndi kusiya madziwo m'ndowa usiku wonse kuti oyilo ayandame. Musathiremo sopo, chifukwa amasakaniza oyilo ndi madzi, ndiye thonje silingamugwirenso.

Tengani thonje la kumunda losatsuka. Ulusi wake uli ndi phula lachilengedwe lomwe limakana madzi koma limamwa mafuta. Thonje la kuchipatala siligwira ntchitoyi: phulalo linachotsedwa, limangomwa madzi n'kumira.

Chotsani njere, limasuleni lisakhale lothinana, ndipo muliike m'thumba la neti. Magalamu 50 akwanira theka la lita ya oyilo. Liyandamitseni mphindi 15, mukulitembenuza. Valani magolovesi, finyirani oyiloyo m'chigubu, mubwerezenso mpaka pamwamba pasiye kunyezimira.

Madziwo si akumwa, ndipo musawathire mumtsinje.